Zimanga Zisanu za Mai Chayo

Ena amati kuchoka ku Edmonton kukafika kuseri kwa Bromley si ulendo, poti konseko ndi London yemweyo. Amene amatero sanayendepo Lamulungu, masitima a kudera lathu ataimitsidwa chifukwa akukonza njanji, atafungatira kontena ya chimanga chonyowa, munthu amene akumupititsira ali pafupi kutsirizika. Ine ndinayenda mu Okutobala wa 2006. Ndinakwerapo malole a fodya kuchoka ku Mchinji mpaka ku Kanengo, koma sanandithyole mtima ngati tsiku limenelo.

Wodwalayo anali Mai Chayo, mzimayi wa ku Mexico, wochokera kumudzi wina wa kumapiri. Ankakolopa panyumba ya okalamba imene ine ndinkagwirapo ntchito yosamalira anthu. Tinkalankhulana Chingerezi chothyokathyoka, chawo ndi changa, koma tikafika pa nkhani ya chimanga tinkamvana ngati a mudzi umodzi. Anali ndi kadimba pa malo amene khonsolo imabwereketsa, ndipo ankalimamo chimanga chakuda chopita ku buluu. Mbewuyo anapatsidwa ndi mayi awo, kadzanja kamodzi, atakamanga pampango. Zaka zisanu ndi zitatu ankasankha chokhwima msanga n'kusunga, mpaka chinazolowera kadzuwa kosakhalitsa ka ku Mangalande. Mayi awowo anali atamwalira, ndipo kumudziko achibale anali atasiya kulima.

Kaphikidwe kake ndi kamene kanandiseketsa tsiku loyamba. Ankawiritsa chimangacho ndi laimu pang'ono, n'kuchisiya m'madzi omwewo mpaka mawa, kenako n'kuchitsuka, kuchipera chili chonyowa, n'kuphika timikate topyapyala pachiwaya popanda mafuta. Ndinawauza kuti kwathu laimu timapaka khoma. Iwo anati makolo awo ena ankagwiritsa phulusa, ndipo ndinasiya kuseka chifukwa ndinakumbukira chidulo. Ndiye anandibwezera: atamva kuti ife timakonola n'kupatsa nkhumba gaga, anagwira pakamwa, amvekere, "Ndiye nkhumba zanu zimadya bwino kuposa inu."

Mu Juni anawapeza ndi khansa. Anasamukira kwa mwana wawo Ines ku Peckham, n'kundisiyira kiyi wa dimba. Chaka chimenecho mvula inakana, ndipo akuluakulu a madzi analetsa kuthirira ndi paipi, aliyense ankatunga ndi kheni. Nditalowa m'dimbamo ndekha ndinaona uve. Munalibe mzere ndi umodzi womwe. Chimanga chinali m'maenje, dzenje lililonse muli chimanga, nyemba ndi dzungu, pamwamba ataunjika maudzu ouma ndi makatoni ong'ambika. Ndinati mumtima, matenda awa anayamba kale, mayiyu analibe mphamvu zopalira. Ine mwana wa ku Mchinji, wogwira khasu ndisanadziwe kulemba dzina langa, ndinati ndiwathandize. Ndinakokera maudzu onse pambali, ndinaunga mizere yooneka bwino, ndinabandira mpaka m'khosi mwa chimanga. Khasu litagunda chinthu cholimba ndinayesa mwala. Inali miphika yadothi imene anaikwirira kuti azithiramo madzi, iwo azituluka pang'onopang'ono kumizu. Ndinaswa itatu ndisanazindikire.

Dzuwa la Julaye linamaliza ntchito imene ndinaiyamba. Madzi a m'kheni ankangotsetsereka pamizere yangayo n'kupita m'njira. Nditabwezeretsa maudzu kunali kutachedwa, ngayaye zinali zitapsa. Pa dimba lonse ndinakolola zimanga zisanu, zazifupi ngati chala, zina zamagwelu. Mai Chayo akaimba foni ndinkati zonse zili bwino.

Lachisanu Ines anaimba kuti mayi ake awapititsa ku hosipisi, kumene amasunga odwala amene madokotala anena kuti palibenso chochita. Anati kumeza kwayamba kuvuta, koma akupempha chinthu chimodzi, timikate ta chimanga chawo. Loweruka masana ndinatong'ola zimanga zija. Zinangodzadza kapu imodzi ndi theka. Mlimi aliyense amadziwa kuti umayamba wapatula mbewu usanaganize za mphika, ndipo ine ndinkadziwa. Koma ndinayang'ana kakapuko ndipo manyazi anandigwira. Ndikapatula, chotsala chikanandiulula. Ndinadziuza kuti munthu wosamala ngati uja sangalephere kusunga ina m'chitini. Ndinathira chonse mumphika, ndi laimu wawo wa m'kabotolo.

Mphero ndi chiwaya zinali ku Peckham kwa Ines, ndiye ulendo unali wa pawiri: kukapera kaye, kenako ku hosipisi, kuseri kwa Bromley. Ines anati mayi ake amakhala maso m'mawa ndi masana pang'ono, akalandira mankhwala a madzulo basi. Bambo Zulu, a ku Chipata, amene tinkapemphera nawo, anadzipereka kujomba tchalitchi kuti anditenge pa galimoto yawo. Anafika itangokwana eyiti.

"Ba Esnart, musavutike," anatero akunditsegulira chitseko ndi waya. "Peckham ni one hour che. Iyi motoka ni nkhalamba koma siinanigwetsepo."

Anasuzumira m'kontena muja n'kukwinya mphuno. "Nanga milisi ya black so? Siinaole iyi?"

"Ndi mtundu wake, bambo. Tiyeni, please, nthawi."

Nkhalamba ija inatigwetsa pa Tottenham, tisanayende ndi mphindi makumi awiri zomwe. Utsi woyera unayamba kufuka kutsogolo, Bambo Zulu n'kuimika pafupi ndi sitolo yakale imene anaisandutsa tchalitchi. Mkati munali ng'oma ndi kiyibodi, anthu akuimba mokweza ngati Mulungu ali kutali.

"Ni radiator che, yapya. Tiyembekeze izizile."

"Mpaka liti?"

"Manje ningaziwe bwanji? Nikatsegula apa izanitentha kumaso."

Tinakhala. Ndinkayang'ana wotchi, iwo akuyang'ana boneti. Mayi wina wolandira alendo pakhomo la tchalitchi anatibweretsera madzi mu ndowa yokolopera, n'kutiuza kuti tilowe tipemphere kaye, galimoto ichira. Ndinamuthokoza, koma mumtima ndinati amene akufunika kuchira sali pano. Patatha pafupifupi ola tinathira madzi, galimoto inalira, ndipo tinayenda mpaka pa Seven Sisters. Pamenepo inazima osatsanzika. Bambo Zulu anagwira chiwongolero ndi manja awiri, nkhope itagwa.

"Pepani, ba sister. Kwelani che bus. Nizasala nayo ine."

Ndinawamvera chisoni, chifukwa anataya mapemphero ndi galimoto tsiku limodzi. Koma sindinawatsanzike bwino, ndinangotsika.

Basi yopita ku London Bridge inali ija yaitali yopindika pakati, imene tikiti yake unkagula pa makina a pamsewu usanakwere. Kadi yanga yokwerera basi inalibe kanthu, ndipo makinawo ankafuna ndalama zachitsulo, paundi ndi theka. Ine ndinali ndi yapepala. Ndinalowa m'sitolo ya Mturuki kukagula nthochi imodzi kuti andisinthire, ndipo ndikutuluka ndinaona msana wa basi ukupita. Yotsatira inabwera itadzaza anthu a kutchalitchi, zipewa ndi maduku aataliatali. Ndinaimirira pamalo opindikira paja, pamene pansi pamazungulira basi ikakhota, dzanja limodzi pa chitsulo, lina litakumbatira kontena.

Pa Stamford Hill dalaivala anaponda buleki mwadzidzidzi. Chivindikiro chinasuntha, ndipo timadzi tachikasu tinatsikira pa nsapato yoyera ya mayi wina wonenepa amene anakhala pafupi nane. Anakuwa kuti basi yonse imve. Anandifunsa ngati ndikudziwa mtengo wa nsapatoyo, ngati kwathu kulibe zikwama. Ine ndinangoti pepani, pepani, misozi ili pafupi. Kenako anaima pakati pa mawu, n'kununkhiza.

"Chimanga ichi?"

"Inde, mayi. Ndikupititsira wodwala."

"Wadwala kwambiri?"

Ndinavomera ndi mutu. Anati iye ndi wa ku Ghana, ndipo fungo limenelo lamukumbutsa khitchini ya azakhali ake. Anatulutsa Baibulo m'jumbo, jumboyo n'kundipatsa kuti ndikulungire kontena. Anasunthanso kuti ndikhale pa kampata kamene kanatsala, theka la thako lili m'malere. Anatsika pa Dalston, ndipo potsika anandigwira paphewa.

Tisanafike pa Liverpool Street basi inaima, magetsi a mkati n'kuthima ndi kuyaka. Dalaivala analengeza kuti msewu watsekedwa kutsogolo, aliyense atsike. Anthu anatukwana m'zilankhulo zosiyanasiyana. Ndinafunsa wapolisi, ndipo anati kuyenda pansi n'kwachangu kuposa kudikira. Ndinayenda, nsapato za kutchalitchi zikundiluma zidendene. Pa mlatho wa London Bridge alendo ankajambulana zithunzi. Mtsinjewo sindinauyang'ane n'komwe. Foni inalira ndili pakati pa mlatho, anali Ines.

"Anti, muli pati? Anesi aimba, akuti amayi adzuka, akufunsa."

"Ndili pafupi," ndinatero. Bodza linali litandizolowera chaka chimenecho.

Basi ya ku Peckham ndinaidikira mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndipo inazungulira m'timisewu ta ku Elephant ngati ikusaka mbuzi yotayika. Ndinafika kwa Ines wani koloko itadutsa. Chikepe cha m'nyumbamo chinali chitafa, ndiye ndinakwera masitepe mpaka nsanja yachinayi.

Ines anali mtsikana wa zaka pafupifupi makumi atatu, wogwira ntchito ku banki, wobwera ku London ali wamng'ono. Anali atatulutsa kale mphero ya mayi ake, mwala wakuda wa miyendo itatu, n'kuuika pansi m'khitchini. Anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ana.

"Ine sindinaperepo, Anti. Ndinkati ndidzaphunzira."

Ndinavula nsapato, ndinagwada. Ndinali nditaperapo mawere ndili mtsikana, ndipo manja sanaiwale. Chimanga chija chinafewa bwino, chinkatuluka phala lolimba la mtundu wa mtambo wa mvula, fungo lake lodzaza nyumba. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo mtima unakhala pansi. Ndinaumba timipira, n'kumatipapasa m'manja monga ankachitira Mai Chayo, Ines akutembenuza pachiwaya. Panatuluka timikate tisanu ndi tiwiri, tating'ono, m'mbali mokhotakhota.

"Dimba lonse lija?" anafunsa Ines. "Kapena china mwasiya kunyumba?"

Ndinapukuta manja pachitenje. Ndinafunsa ngati mwamwayi, ngati nkhani yopanda ntchito, kuti kodi chitini cha mbewu cha mayi ake chili pati.

Anatsegula kabati n'kutulutsa chitini cha mabisiketi. Anachigwedeza. Munalibe phokoso.

"Anadzala yonse chaka chino. Ankadziwa kale kuti akudwala, sanatiuze. Anati akufuna ichuluke kuti andigawire ine, inu, ndi msuweni wanga wa ku Spain. Bwanji?"

Ndinakhala pansi pomwepo, pafupi ndi mphero, ndipo ndinamuuza zonse, mizere, miphika itatu, zimanga zisanu, kapu ndi theka. Ines anayang'ana timikate tija pa mbale nthawi yaitali. Kenako anatola kanjere kamodzi kamene kanagwera pansi popera, n'kundifunsa ngati kameneko sikangamere. Ndinamuuza kuti chimanga chowiritsa sichimera. Anakaika pa tebulo mosamala, ngati sanandimve.

Tinakulunga timikate m'kansalu, ine n'kutilowetsa mkati mwa jekete kuti tisazizire. Basi ya ku Lewisham inabwera msanga, koma ya ku Bromley inatisunga theka la ola pa siteji yopanda denga, kamphepo kakuwomba. Mvula imene inakana chilimwe chonse inayamba kuwaza nthawi imeneyo. Ndinaiyang'ana ndi chidani chenicheni. Ines anaima patali pang'ono, ngati sitili limodzi, ndipo sindinamuimbe mlandu.

Pa Catford tinakodwa mumzere wa magalimoto. Basi inkasuntha kutalika kwa munthu mmodzi n'kuima. Kumbuyo kwathu bambo wina ankadya tchipisi cha viniga, kutsogolo mwana ankalira. Kutentha kwa timikate pachifuwa panga kunkachepa, ndipo ndinkakumva kukuchepa. Apo ndi pamene Ines anatsegula pakamwa, maso ali pawindo.

"Musawauze."

"Ines."

"Akafunsa, nenani kuti mwasunga. Atsala ndi masiku angati? Apite ali osangalala. Mwawalanda kale chimanga, musawalandenso zimenezo."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa anali oona. Ndinavomera. Kuchokera pa Catford mpaka pa Bromley ndinkayeseza bodzalo mumtima: ndasunga ziwiri zazikulu, ndazipachika m'khitchini, zauma bwino. Ndinafika polikongoletsa, kuti ndazikulunga m'nyuzipepala. Ndinadziona kuti ndine munthu wonyansa, ndipo ndinalibe mphamvu yokhala wina.

Pa Bromley panafunika basi yachitatu, kaja kakang'ono kolowa m'midzi ya azungu, kamene Lamulungu kamabwera kawiri pa ola. Kanali katangochoka. Ines anafuna takisi, koma pamalo pake panalibe ndi imodzi yomwe. Tinakhala pa benchi yonyowa. Nthochi ija ndinaipeza m'chikwama itaphwanyika, ndipo ndinazindikira kuti sindinadye chilichonse chichokereni. Sindinaifune. Tinafika ku hosipisi folo koloko itapitirira, maola asanu ndi atatu chinyamukireni ku Edmonton.

Nesi anati mankhwala awachedwetsa dala, chifukwa wodwala anakana kulandira tisanafike, ngakhale ululu unali utakwera. Mai Chayo anali atatha. Munthu amene ankanyamula ndowa ziwiri pamasitepe anali ngati kamwana pabedi, tsitsi lawo lalitali litalukidwa kumbali. Koma maso anali omwe aja. Anandiona ndikutulutsa kansalu m'jekete, ndipo anamwetulira.

"Esnart. Wachedwa ngati mvula."

Ines anatenthetsa timikate pa kachitofu ka anesi. Mai Chayo anatenga kamodzi, anakanunkhiza atatsinzina, anakatembenuza, n'kunena kuti ndapera mokhakhala koma laimu ndayeza bwino. Ananyema kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, anakaviika m'madzi, n'kukaika palilime. Anatafuna nthawi yaitali. Anameza movutika, khosi lonse likugwira ntchito, koma anameza. Anauza Ines mawu ena m'chilankhulo chawo, Ines n'kuseka akulira.

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mbewu wasankha zingati? Uyu sadziwa kanthu. Udzamuphunzitse mu Meyi. Maenje, osati pamwamba. Udzamuonetse pamene pali miphika."

Ines anandiyang'ana. Bodza linali lokonzeka pakamwa, ndi nyuzipepala yake yomwe. Koma mayiyu anali atapirira ululu tsiku lonse kudikira ine, ndipo ankandipatsa ntchito yoti ndidzagwire iwo atapita. Ndikanavomera, ndikanalonjeza munthu wakufa chinthu chimene kulibe. Ndinagwada pambali pa bedi.

"Mai Chayo, palibe mbewu. Ndinaunga mizere ngati kwathu, ndinachotsa maudzu, ndinaswa miphika. Chinapsa. Ndinapeza zisanu zokha, ndipo ndinachita manyazi, ndinaphika zonse. Chimanga chanu chonse ndi chimene chili pambalepo."

Ines anatembenukira kukhoma. Mai Chayo anayang'ana mbale, kenako denga. Sanalire. Ndinaona kuti akuwerenga chinachake ndi zala pa bulangete, kaya zaka, kaya anthu. Ndinadikira kuti andithamangitse, ndipo zikanandipepukira akanatero.

"Amayi anga," anatero potsiriza, osayang'ana aliyense. "Agogo anga. Amayi awo." Kenako anati, "Mizere."

"Ndikhululukireni."

Sanayankhe zimenezo, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anakankhira mbale kwa mwana wawo ndi nsonga za zala.

"Ines, khala pansi. Idya. Osathamanga, tafuna bwino, udziwe mmene chinkakomera. Ukadzakhala ndi ana udzawauze."

Ines anakhala pabedi n'kuyamba kudya, misozi ikugwera pa mbale. Anadya kamodzi, kachiwiri, kachitatu, n'kumapitiriza, mayi ake akumuyang'anitsitsa pakamwa. Patatsala kamodzi, Mai Chayo anakatenga n'kunditambasulira.

"Nawenso. Unatunga madzi chilimwe chonse."

Ndinalandira ndi manja awiri. Kanali kozizira m'mbali, kofunda pakati, kokoma kuposa chimanga chilichonse chimene ndinalimapo. Nesi analowa ndi jakisoni, ndipo Mai Chayo anamuuza kuti adikire kaye mpaka ndimeze.